Mmene Okonza Mankhwala Anatulutsira Utoto wa M'masamba

Ntchito yotulutsa utoto wobiriwira m'masamba inayambira m'manja mwa okonza mankhwala, popeza iwowa anali atazolowera kale kunyika makungwa, mizu ndi masamba pofuna kukhetsa mphamvu yochiritsa imene ili m'zomera. Mu 1817, Pierre Joseph Pelletier ndi Joseph Bienaimé Caventou a ku Paris ananyika masamba mu mowa waukali, napeza chlorophyll, utoto umene chomera chimakolera kuwala kwa dzuwa popanga chakudya chake. Madzi okha sakanathandiza, chifukwa utotowu, monga mafuta, susungunuka m'madzi. Akatswiri awiri omwewa ndi amene mu 1820 anatulutsa kwinini, mankhwala a malungo, m'makungwa a mtengo wa cinchona.

Chimene iwo anachiyesa utoto umodzi chinali chisakanizo, ndipo zimenezi anazionetsa George Gabriel Stokes mu 1864, koma njira yodalirika yolekanitsira inadza ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Warsaw. Iye anaona kuti petroleum ether, madzi opepuka ochokera ku mafuta a pansi, amangotulutsa utoto wachikasu wa carotene n'kusiya wobiriwira, koma akathiramo mowa pang'ono utoto wonse umatuluka. Atazindikira kuti utotowo umamatirira ku thupi la tsamba mosiyanasiyana, anapakira choko chopera m'paipi yagalasi n'kutsanuliramo madzi a masambawo, ndipo pamene ankatsika anagawikana m'mizere yachikasu ndi yobiriwira, mzere uliwonse pamalo pake. Anafotokoza njirayi mu 1903, ndipo mu 1906 anaitcha chromatography, ngakhale kuti ambiri anainyalanyaza kufikira 1931, pamene Richard Kuhn ndi Edgar Lederer anaitsitsimutsa ku Heidelberg.

Richard Willstätter wa ku Germany anatembenukira ku nettle, chomera choyabwa chimene anthu a ku Ulaya akhala akuchigwiritsa ntchito ngati mankhwala, ndipo ankaumitsa masamba ake, kuwapera ndi kuwanyika mu acetone wosakaniza ndi madzi. Iye anatsimikiza kuti mu chlorophyll muli mchere wa magnesium, ndiponso kuti m'zomera zambiri, mwa mitundu iwiri ya chlorophyll yotchedwa a ndi b, mtundu wa a umaposa wa b pafupifupi katatu, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 1915. Mu 1949, Daniel Arnon anafalitsa njira yowerengetsera kuchuluka kwa utotowu mu acetone wa magawo 80 pa 100, imene ofufuza akuitsatirabe.

Mbiriyi ikuonetsa kuti chimene wofufuza amapeza m'tsamba chimadalira chimene walinyikamo, n'chifukwa chake aliyense woyeza zomera zochiritsa ayenera kusankha chosungunulira mosamala, n'kugwira ntchito pozizira ndi pamthunzi, popeza kutentha, kuwala ndi asidi zimawononga chlorophyll asanayezedwe.