Kalumo ka Kalonga: mmene ufumu wa Amaravi udamangidwira kunyanja

Ukachoka ku Salima kulowera kumwera, n'kudutsa Chipoka, umafika ku Mtakataka. Apaulendo ambiri amangopitirira, osadziwa kuti chapafupi pomwepo, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, pali Mankhamba, pomwe padali mtima wa ufumu wa Amaravi.

A Phiri atafika kuno kuchokera ku Uluba, ku Congo ya lero, motsogozedwa ndi Kalonga, adapeza dziko lili ndi eni ake. A Banda adali atakhazikika kale, akusunga akachisi ndi kupempha mvula. Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Kalonga kadali ukwati. Mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Motero mpando udakhala wa a Phiri, pomwe nsembe ndi mvula zidatsala m'manja mwa eni nthaka. Wolowa ufumu ankachokera kubele la Nyangu, mayi wa mbumba yachifumu, ndiye chifukwa chake mpando unkapita kwa mwana wa mlongo.

Dziko litakula, Kalonga adagawa madera kwa abale ake. Undi adalowera kumadzulo, Kaphwiti ndi Lundu adatsikira kuchigwa cha Shire. Mafumu ankatumiza msonkho kulikulu: zikopa za mikango ndi akambuku, komanso mnyanga wa njovu womwe wagunda pansi njovuyo ikagwa. Minyangayo inkakopa amalonda ochokera kutali. Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, atakumba pa Mankhamba adapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China.

Koma kugawa komwe kudakulitsa ufumuwo ndiko kudauchepetsa mphamvu. Undi ndi Lundu adalemera, nayamba kudziimira paokha. Pomwe Ayao ankafika kugombe kuno ndi mfuti, likulu lidali litafooka, ndipo m'zaka za m'ma 1860 Kalonga Sosola adaphedwa.

Lero dzina la Kalonga likadalipo pakati pa mafumu a ku Salima, pamodzi ndi Maganga ndi Pemba. Chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa amapita ku mwambo wa kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Msonkho womwe kale unkatsikira kunyanja tsopano umakwera kupita kwa mdzukulu wa Undi, yemwe adachoka kunoko.