Madzi a Pachitsime ndi Nsomba za M'nyumba

Mwambo wosunga nsomba zamoyo m'nyumba, zongokondweretsa maso popanda cholinga cha ndiwo, ngwakale kuposa mmene ambiri aife tiganizira, ndipo chiyambire m'dziko la China, kumene nsomba zofiira ngati golide zinkawetedwa m'maiwe a akachisi ndi a mafumu zisanalowe m'mitsuko ikuluikulu yadothi m'masiku a ufumu wa Ming, nkhawa yaikulu ya eni ake yakhala ili pa madzi. M'chaka cha 1596 mlembi wina wachinyamata, Zhang Qiande, polemba kabuku ka kasamalidwe ka nsombazi, anaika madzi oyenda a mumtsinje ndi a m'nyanja patsogolo, a pachitsime pambuyo pake, ndipo a m'ngalande za mumzinda anawakaniratu. Chimene chinali m'madzimo iye sanachidziwe, pakuti nzeru yoyeza madzi inali isanabadwe. Anangoona kuti nsomba yoikidwa m'madzi ena ikondwa, pamene yoikidwa m'madzi ena ifooka.

Ku England mwambowu unakula pamene boma linachotsa msonkho wa galasi m'chaka cha 1845, ndipo anthu wamba anayamba kukwanitsa kugula mathanki oonekera mkati. Mayi wina wa ku London, Anna Thynne, amene ankasunga tamoyo ta m'nyanja yamchere m'nyumba mwake, anapeza kuti madzi otopa atsitsimuka akamathiridwa kuchokera m'chotengera china kupita m'china pafupi ndi zenera lotsegula, ntchito imene wantchito wake ankaigwira tsiku ndi tsiku. Robert Warington, katswiri wa zamankhwala, anafotokoza m'chaka cha 1850 kuti nsomba ndi zomera za m'madzi zikhoza kusungana, popeza zomera zitulutsa mpweya umene nsomba zifuna. Ndipo masamba ofota atadetsa madzi ake, anaikamo nkhono kuti zidye zonyansazo. Nyumba yoyamba yoonetsera nsomba kwa anthu onse inatsegulidwa ku Regent's Park, mumzinda wa London, mu 1853, ndipo chaka chotsatira buku la Philip Henry Gosse linachititsa mabanja ochuluka kulakalaka kukhala ndi dziwe laolao m'chipinda chochezera.

Koma m'chaka chomwecho cha 1854, m'mzinda womwewo, chitsime cha ku Broad Street chinapha anthu mazanamazana ndi nthenda ya kolera, kufikira sing'anga John Snow anapempha akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigo wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti madzi a chitsimecho anali otchuka chifukwa cha kukoma kwake, kotero kuti mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, amene ankachita kutuma anthu kuti amtungire kuchokera kutali konseko, anamwalira nayo nthendayo. Akuluakulu athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo oweta nsomba, pang'ono ndi pang'ono, anaphunzira chomwechi pa zitsime zao, kuti kuyera kwa madzi si umboni wa ubwino wake.

Madzi apansi panthaka amakhala nthawi yaitali mumdima, osakhudzana ndi mphepo, akusungunula chilichonse chimene apeza m'miyala. Chifukwa chake amatuluka ali ndi okosijeni wochepa, ndipo nsomba zoikidwamo msangamsanga zimasonkhana pamwamba, zikuyasamula pakamwa. Ena amatuluka oyera mbee, koma akagona mundowa usiku umodzi asanduka ofiirira, nasiya dzimbiri m'mbali mwa ndowayo, chifukwa chitsulo chimene chinasungunuka pansi chakumana ndi mpweya. Ena anunkha ngati dzira lovunda, ndipo mpweya wa fungo limenelo ndi ululu kwa nsomba. Ena, odutsa m'miyala ya njereza, ndi aja sopo achita nawo mphwayi kutulutsa thovu, aja asiya choyera chouma pansi pa ketulo. Mavuto a mpweya, a fungo ndi a dzimbiri ali nawo mankhwala amodzi, omwe aja a Mayi Thynne: kuwatunga, kuwasiya poyera tsiku lathunthu akutakasidwa, dzimbiri likadikha n'kuwasefa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mchere, njereza ndi nayitireti, uja alowa m'chitsime kuchokera ku feteleza wa m'munda ndi ku zimbudzi zokumbidwa pafupi, sizichoka ndi kudikira, ngakhale madziwo atagona mwezi.

Zinthu zobisikazi zinaululika mochedwa. Cha m'ma 1890 Sergei Winogradsky anapatula tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa amoniya, ululu wotuluka m'thupi la nsomba, kukhala nayitireti wosaopsa kwambiri. Ndipo apa mpamene panagona yankho la mwambi umene unazunguza oweta ambiri, wakuti bwanji nsomba zifa m'thanki yatsopano yotsukidwa bwino, koma zikhala ndi moyo m'thanki yakale ya mchenga wakuda. Mu 1909 Søren Sørensen, ku Copenhagen, anakonza muyeso wa pH, umene 7 ndiye pakati pake, kunsi kwake kukhala madzi a asidi. Poyambira pamenepo munthu akanatha kunena za chitsime chake ndi nambala, m'malo mongolawa ndi lilime.

Nambalazo zinabweretsa chisoni kwa ambiri, pakuti nsomba zimene zinali pamtima pa oweta a ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1930 ndi m'tsogolo mwake zinali za m'mitsinje ya Amazon, zozolowera madzi opanda njereza, odera ndi masamba a m'nkhalango. Mwini chitsime cha m'dera la njereza ankakhala ngati ana a Israele pa Mara, madzi ali pamaso pake koma osamthandiza. Ena ankatchera madzi amvula m'migolo, ena ankawasefa m'dothi la zomera zovunda la m'madambo, ndipo pambuyo pake, nsefa yopyapyala imene Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan anaipanga ku California cha m'ma 1960 itatsika mtengo, anayamba kuchotsa mchere wonse m'madzi n'kubwezeramo muyeso umene afuna. Njira imeneyi imagwiradi ntchito, koma ndi ya munthu wa ndalama, ndipo imataya madzi ambiri kuposa amene ipereka.

Chipulumutso cha eni zitsime zotere chinachokera kuno kwathu. Nsomba zimene John Kirk, mnzake wa David Livingstone, anatola m'Nyanja ya Malawi zinafotokozedwa ndi Albert Günther ku London mu 1864. Ethelwynn Trewavas analongosola mitundu yake yochuluka mu 1935. Ndipo Geoffrey Fryer, atakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, analemba za moyo wa mbuna, tinsomba ta m'miyala timene asodzi athu sankatiwerengera kwenikweni poyerekeza ndi chambo kapena utaka. Pamene mbuna zoyamba zinafika zamoyo kutsidya kwa nyanja m'zaka za m'ma 1960, anthu anazizwa ndi mitundu yake, yabuluu, yachikasu, yamizeremizere, ndipo malondawo anakula, makamaka m'manja mwa Stuart Grant, amene ankazitumiza kunja kuchokera ku Kambiri, ku Salima. Madzi a nyanja yathu ali ndi pH ya pafupifupi 8, ndipo ngakhale njereza yake si yochuluka monga ya zitsime zambiri, mbuna zimapirira madzi anjereza, nkumaswana momwemo, yaikazi ikufungatira mazira ndi ana m'kamwa. Motero chitsime chimene chinakanidwa ndi oweta nsomba za ku Amazon chinasanduka chuma, ndipo nzeru imene ine ndiyesa yopambana m'mbiri yonseyi inakhazikika, yakuti nkwapafupi kusankha nsomba yoyenera madzi ako kusiyana ndi kulimbana ndi madziwo moyo wako wonse.

Kwa ife amene titunga pamjigo, nkhaniyi si yachilendo ayi. Amayi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje adziwa mijigo ina imene madzi ake ngamchere, ndipo m'midzi yambiri ya dziko lino muli ndowa zofiira ndi dzimbiri. Amene afuna kusunga mbuna m'nyumba mwake, kaya ku Lilongwe kaya ku Johannesburg, ayambe wayezetsa madzi ake, ndipo awayeze atagona tsiku limodzi, chifukwa pH ya madzi a pachitsime imakwera mpweya wapansi ukatuluka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linaika malire a nayitireti m'madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita. Chitsime chanu chikapitirira pamenepo, za nsomba muyambe mwaziika padera, muthamangire kaye kupeza madzi ena a ana a m'nyumbamo.