Makolo Athu ndi Chisanu cha M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni zitafika m'dera la Dowa, Acheŵa ambiri adathaŵira m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi, lotalika kupitirira mamita 1,600. Kumeneko adakumana ndi mdani wina: chisanu cha mu June ndi July. Mabulangete kunalibe, chofunda chinali chikopa kapena nyanda. Nanga adapirira bwanji?

Thupi lili ndi nzeru zake. Kukazizira, mitsempha ya pakhungu imachepa kuti magazi ofunda akhale m'kati. Chisanu chikakula, munthu amanjenjemera, ndipo minofu imatulutsa kutentha. Wokhalitsa kozizira amazoloŵera, kotero kuti samva kuŵaŵa monga mlendo wochokera kunyanja.

Koma kuzoloŵera kuli ndi malire. Khanda silitha kunjenjemera mokwanira, ndipo nkhalamba imataya kutentha msanga. Apa makolo adathandiza thupi ndi luso lawo: moto wosazima pakati pa nyumba, denga la udzu, ndi mwana kumbuyo kwa amake.

Tsono chisanu chikayamba, tiyeni tiyambe kufunditsa khanda ndi agogo.