Matayala a Njinga za M'mapiri

Tayala la njinga yoyenda m'mapiri limasankhidwa poyang'ana kugwira nthaka, kupepuka ndi kulimba, ndipo zitatuzi sizipezeka zonse mokwanira pa tayala limodzi. Kugwira nthaka kumadalira mano a tayala ndi kufewa kwa mphira wake, pakuti mphira wofewa umamatira pamiyala ndi pamizu yonyowa, koma umaperepeseka msanga ndipo umalemetsa kupalasa. Kulimba kumachokera ku nsalu ya m'kati, imene imayezedwa ndi TPI, kutanthauza kuchuluka kwa ulusi pa inchi imodzi: nsalu ya 120 TPI ndi yopepuka koma yosachedwa kung'ambika pamwala wakuthwa, pamene ya 60 TPI imapirira. N'chifukwa chake okwera ambiri amaika tayala la mano akuluakulu, monga Maxxis Minion DHF, kutsogolo, kumene kuterereka kumagwetsa munthu, n'kuika lothamanga kumbuyo.