Mau a Cizungu a pa Maphunzilo a Utsogoleli ndi Matanthauzo Ake

Ambili a ife amene tinapitako ku maphunzilo a akulu a mpingo, a azimai kapena a acinyamata tidziwa mmene zimakhalila. Wophunzitsa amayamba bwino m'Cinyanja, koma akafika pa mfundo yeniyeni amasinthila ku Cizungu. Timagwedeza mutu ndi kulemba m'kabuku, koma pobwelela kwathu timasowa couza anzathu. Coipa kwambili n'cakuti pa msonkhano wokamba za ndalama ndi nchito za mpingo, amene sanamve mauwo amakhala cete, ndipo nzelu zao sizimveka. Conco tasonkhanitsa mau amene amabwela kaŵili-kaŵili, kuti musunge ndi kuyang'anamo pamene mwawafuna.

System ndi systems thinking

System ndi zinthu zolumikizana zimene zigwilila nchito pamodzi pa colinga cimodzi. Mulu wa njelwa si system, cifukwa mukacotsapo imodzi mulu ukhalabe mulu. Njinga ndi system: mukacotsako cheni, mawilo ndi mapedulo alipo koma ulendo palibe. Ndi mfundo imene Paulo anaphunzitsa pa 1 Akorinto 12 pokamba za thupi ndi ziwalo zake.

Systems thinking ndi kuona mmene zinthu zikhudzilana, m'malo moyang'ana cinthu cimodzi pacokha. Jay Forrester wa pa yunivesiti ya MIT ku America anakulitsa maphunzilo amenewa m'zaka za m'ma 1950, ndipo Peter Senge anawafikitsa kwa atsogoleli a mabungwe ndi buku lake la mu 1990, The Fifth Discipline.

Stock ndi flow

Stock ndi zimene zaunjikana panthawi ino, pamene flow ndi zimene ziloŵa kapena kutuluka. Madzi a m'damu ya Kariba ndi stock. Amene Zambezi ibweletsa ndi inflow, ndipo amene apita ku makina opanga magetsi ndi outflow. Zotuluka zikapitilila kuposa zoloŵa, damu imatsika, monga tinaonela pa cilala ca mu 2024 pamene malaiti anali kupita maola ambili. Mpingo umene umaŵelenga obatizidwa atsopano cabe, osaŵelenga amene aleka kubwela mwakacetecete, uona inflow yokha.

Delay

Iyi ndi nthawi imene imapita kucokela pamene cinthu cacitika kufikila pamene zotuluka zake zaoneka. Mvula ikagwa ku Angola ndi kumpoto cakumadzulo kwa dziko lino, madzi amayamba adzaza cigwa ca Barotse, ndipo amafika ku Kariba patapita milungu yambili. Mtsogoleli wosadziwa za delay amaletsa nchito yabwino isanabale zipatso, kapena amapitiliza yoipa cifukwa kuipa kwake kukalibe kuoneka.

Feedback loop

Apa zotuluka za cinthu zimabwelela ndi kukhudza cimene cinaziyambitsa. Pali mitundu iŵili. Reinforcing loop imakulitsa cinthu, cabwino kapena coipa. Munthu wa kaloba amakongola kuti abweze nkhongole yoyamba, ciwongoladzanja cimakula, ndipo amakongolanso. Kumbali yabwino, wa malonda amene abwezela phindu mu bizinesi amagula katundu wambili, ndipo phindu limakula.

Balancing loop imabweza cinthu pakati. Tomato akadula pa msika wa Soweto ku Lusaka, alimi ambili amabyala, tomato amaculuka, mtengo umagwa, ndipo ena amaleka kubyala mpaka mtengo ukwelenso.

Root cause

Uwu ndi muzu wa vuto, osati cizindikilo cake. Kampani ya Toyota ku Japan inachukitsa njila yofunsa kuti “cifukwa ciani?” kasanu motsatizana. Tinene kuti ana a Sande sukulu acepa. Cifukwa ciani? Masabata ena sapeza mphunzitsi. Cifukwa ciani? Aphunzitsi ndi aŵili cabe ndipo atopa. Cifukwa ciani? Kwa zaka zambili sitinaphunzitse atsopano. Tikafika apa taona kuti kukalipila makolo pa guwa sikudzathandiza.

Unintended consequences

Izi ndi zotuluka zimene sitinafune pamene tinali kukonza vuto. Mu 1902, boma la atsamunda a ku France mu mzinda wa Hanoi ku Vietnam linayamba kupatsa ndalama aliyense wobweletsa mcila wa khoswe. Posapita nthawi anthu anayamba kuona makoswe opanda micila akuyendayenda, cifukwa owagwila anali kuwadula micila ndi kuwataya amoyo kuti abalane. Ena anafika poŵeta makoswe. Tisanaike lamulo latsopano, tizifunsa kuti: kodi anthu adzasintha bwanji zocita zao cifukwa ca lamuloli?

Leverage point

Lever ndi citsulo kapena mtengo umene timakutumulila mwala waukulu. Leverage point ndi malo amene kusintha kocepa kumabweletsa kusintha kwakukulu. Donella Meadows anachula malo 12 otelo m'nkhani yake ya mu 1999. Iye anaonetsa kuti kusintha manambala cabe n'kofooka, koma kusintha amene alandila uthenga, malamulo, colinga ndi kaganizidwe ka anthu n'kwamphamvu. Kukweza ndalama ya copeleka ca nyumba iliyonse ndi kusintha nambala. Kuika lipoti la ndalama pa bolodi mwezi uliwonse kuti onse aŵelenge ndi kusintha kayendedwe ka uthenga, ndipo kumamanga cikhulupililo ca opeleka.

Stakeholder

Uyu ndi aliyense amene nkhani imukhudza kapena amene angaikhudze, ngakhale sali mu komiti. Pomanga citsime pa chalichi, ma stakeholder ndi akhristu, anansi amene adzatungapo, amfumu kapena khansala wa delalo, ndi azimai amene adziwa nthawi imene madzi amafunika kwambili.

Delegation

Uku ndi kupatsa wina nchito pamodzi ndi mphamvu yoicitila. Pa Eksodo 18, Yetero anapeza Mose akuweluza milandu yekha kuyambila m'maŵa mpaka madzulo, ndipo anamulangiza kuika atsogoleli a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, kuti kwa iye kuzifika milandu yaikulu cabe. Kupatsa munthu udindo koma n'kumafuna kuti azipempha cilolezo pa kanthu kalikonse si delegation.

Responsibility ndi accountability

Mau aŵiliwa amasokoneza ambili. Responsibility ndi udindo wocita nchito. Accountability ndi kuima pamaso pa ena ndi kufotokoza mmene nchitoyo yayendela, malisiti ali m'manja. Kupempha msungi wa ndalama kuti apeleke lipoti si kumuganizila zoipa, koma kumuteteza. Pa 2 Akorinto 8, Paulo anakonza zakuti abale ena odalilika ayende nao ndi copeleka ca mipingo kuti pasakhale wokayikila.

Servant leadership

Uwu ndi utsogoleli umene umayamba ndi kutumikila. Robert Greenleaf, amene anagwila nchito zaka zambili ku kampani ya AT&T, anachukitsa mauwa mu 1970. Iye anali kuyesa mtsogoleli poona ngati anthu amene awatumikila akukula ndi kuyamba kuimilila paokha. Ife mauwa ndiwo atsopano, koma citsanzo tinacipeza kale pa Yohane 13, pamene Ambuye anasambika mapazi a ophunzila ao.

Mukamva liu lina limene silili pano, kwezani dzanja ndi kupempha wophunzitsa kuti apeleke citsanzo ca kumunda, ca kumsika kapena ca m'nyumba. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo kaŵili-kaŵili amene akhala pafupi nanu nayenso sanamve.