Masewera a Ana pa Chisangalalo cha Pabanja: Momwe Tingadziwire Oyenera Msinkhu Wawo

Pa Eid, pa nikah kapena pa aqiqah, ana a misinkhu yosiyanasiyana amakumana pabwalo limodzi. Akuluakulufe tikatanganidwa ndi mpunga komanso alendo, masewera amasankhidwa ndi ana okulirapo, wamng'ono n'kumangotsatira. Choncho muyeso wathu ukhale uwu: masewera tiwayeze ndi mwana wamng'ono kwambiri amene alowemo, osati wamkulu.

Chisilamu sichiletsa kusewera

Mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim muli nkhani yakuti mayi Aisha (radhiyallahu anha) ankasewera ndi zidole pamodzi ndi anzawo, ndipo Mtumiki Muhammad (swallallahu alaihi wasallam) sanawaletse. Pa tsiku lina la Eid anawalolanso kuonerera anthu a ku Habasha akusewera ndi mikondo mu mzikiti. Udindo wathu tsono si kuletsa, koma kusankha, pakuti ana ndi amana imene Allah adzatifunsa.

Mafunso atatu tisanalole masewera

1. Thupi: kodi mwanayu angathamange, kudumpha kapena kugwa popanda kuvulala? Muli kanthu koti angameze?
2. Nzeru: kodi akumva malamulo ake? Akagonja apirira, kapena azingolira anzake akuseka?
3. Dini: kodi muli juga, kutukwana, kuopsezana kapena kuonetsa maliseche?

Funso limodzi likavuta, tisinthe masewerawo kapena tiwagawe anawo.

Osakwana zaka 3

Mwana wotere amaika chilichonse mkamwa, ndipo njira yake yopumira ndi yaing'ono. Timiyala ta phada, njere za bawo, mabatani, makobili, mtedza ndi zidutswa za baluni yophulika zingamutsamwitse, ndipo wotsamwa kwambiri sathanso kulira. Zomuyenera ndi kuombana m'manja, kukunkhuniza mpira waukulu ndi kumubisalira nkhope, wamkulu ali pomwepo.

Zaka 3 mpaka 6

Awa amakonda masanje, chipako ndi chibisalirano, koma kugonja kumawapweteka. Masewera otulutsa wolephera mmodzimmodzi amasiya wamng'ono pambali nthawi zonse. Ndi bwino onse asewere mpaka mapeto ndipo aliyense alandire kamphatso. Pa chibisalirano tiike malire: asabisale m'bwato, m'galimoto, kuchimbudzi kapena pafupi ndi chitsime ndi moto wophikira.

Zaka 7 mpaka 9

Hadith ya mu Sunan Abu Dawud imatilamula kuyamba kuwauza ana kuswali pa zaka 7. Pamsinkhu uwu mwana amatha kusunga lamulo ndi kudikira nthawi yake, choncho bawo, phada, fulaye, zilape ndi mpikisano wa surah zifupizifupi ndi zoyenera. Adhana ikamveka, masewera aime.

Zaka 10 kupita mtsogolo

Hadith yomweyo imatiuza kuwalekanitsa pogona pa zaka 10. Potengera phunziro limeneli, masewera ogwirana, onyamulana kapena obisala awiriawiri asasakanize anyamata ndi atsikana.

Zosayenera pa msinkhu uliwonse

Juga Allah anailetsa mu Surah Al-Maidah (5:90). Ana akaika K100 kapena masiwiti aliyense kuti wopambana atenge zonse, imeneyo ndi juga ngakhale ndi yochepa. Mphatso yochokera kwa kholo limene silikupikisana nawo ilibe vuto. Za masewera oponya dayisi muli chiletso mu Sahih Muslim, ndipo ma ulama ambiri amati chimagwira ngakhale palibe ndalama. Pa ludo tifunse shehe wathu. Kuopseza mwana ndi njoka yabodza kapena kumutsekera mumdima si nthabwala, chifukwa Mtumiki analetsa kuopseza Msilamu. Pa foni, tiyambe taona tokha masewerawo tisanamupatse mwana.

Kwa ife a kunyanja

Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota chisangalalo nthawi zambiri chimathera kunyanja. Mwana wamng'ono angamire m'madzi ofika m'mawondo, mwakachetechete. Mpikisano wokhalitsa pansi pa madzi ndi kukankhirana m'madzi tisalole, ndipo mwera ukawomba ana asalowe n'komwe. M'madzi odikha a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Tisankhe wamkulu mmodzi amene ntchito yake tsikulo ndi kuyang'anira ana basi. Mwana wa zaka 9 asasiyiridwe khanda.

Allah atisungire ana athu. Iye ndiye Wodziwa kwambiri.