Mafuta atatayikira m'nyanja ya Malawi, angalipire asodzi ndani?

Mpaka lero palibe kampani imene ikupopa mafuta pansi pa nyanja ya Malawi. Komabe kuyambira mu 2011 boma lakhala likupereka ziphaso zofufuzira mafuta, ndipo madzi amene asodzi a ku Nkhotakota amaponyamo makoka ali m'gulu la malo omwe anagawidwa. Tsono ngozi itachitika, angakhale ndi mlandu ndani, ndipo chipukuta misozi chingachokere kuti? Zimene zinachitika m'maiko ena zikuonetsa kuti zimenezi zimafunika kumangidwa m'malamulo ndi m'mapangano kukumba kusanayambe.

Ziphaso za ku Malawi

Boma linagawa malo oganiziridwa kuti ali ndi mafuta m'zigawo zisanu ndi chimodzi, kuyambira kumpoto mpaka ku chigwa cha Shire. Mu 2011, pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo ziwiri za pa nyanja. Zigawo zina zinapita ku SacOil ya ku South Africa, RAK Gas ndi Pacific Oil and Gas. Chiphaso cha Surestream chinadzutsa mkangano wakale wa malire ndi Tanzania mu 2012. Kumapeto kwa 2014, boma la Peter Mutharika linaimitsa kaye ntchito yofufuza kuti liunike momwe ziphaso ndi mapangano zinaperekedwera.

Lamulo lalikulu loyendetsa kufufuza ndi kupopa mafuta ndi la mu 1983. Lamulo losamalira zachilengedwe la mu 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA, limati woononga chilengedwe ndiye ayenera kulipira, komanso kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zingakhudzire anthu ndi chilengedwe.

Chifukwa chake nyanjayi njovuta

Nyanja ya Malawi njaitali makilomita oposa 560 ndipo malo ena njakuya pafupifupi mamita 700. Mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire, kotero madzi ambiri amachoka mwa kuuluka ndi dzuwa, zoipa zonse n'kutsalira momwemo. Akatswiri amati pangatenge zaka mazana kuti madzi onse a m'nyanjayi asinthike. Nyanja yamchere ili ndi mafunde aakulu ndi malo otambalala omwazira mafuta, pomwe yathu njotsekeka ngati mtsuko.

Ku Nkhotakota, mphepo ya mwera ikanakankhira mafuta kugombe, oyamba kukhudzidwa akanakhala mabango ndi madzi osaya momwe nsomba zimaswerana. Thamanda la Chia limalumikizana ndi nyanja, ndipo mpasa amakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira. Pa usipa, utaka ndi chambo pamadalira msodzi, wopalasa bwato, mayi woyanika nsomba pa thandala, wageni wopita nazo ku Lilongwe ndi Kasungu, ngakhalenso banja lodya kondowole lomwe ndiwo zake ndi nsomba. Midzi yambiri imatunganso madzi akumwa m'nyanja momwemo. Bungwe la UNESCO, lomwe mu 1984 linaika Lake Malawi National Park m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, linadandaulapo kale za kufufuza mafuta m'nyanjayi.

Ngozi ya Deepwater Horizon

Ngozi yodziwika kwambiri inachitika pa 20 April 2010 mu Gulf of Mexico, kufupi ndi gombe la Louisiana ku America. Chimakina chokumbira mafuta choyandama pa madzi, Deepwater Horizon, chinaphulika n'kupha antchito 11. Chitsimecho chinali m'manja mwa kampani ya BP, chimakinacho chinali cha Transocean, ndipo simenti yomatira chitsime inaikidwa ndi Halliburton. Mafuta anatuluka kwa masiku 87 pa kuya kwa mamita pafupifupi 1,500 mpaka chitsime chinatsekedwa pa 15 July.

Komiti yomwe Pulezidenti Barack Obama anakhazikitsa inapeza mu January 2011 kuti ngoziyo ikanapeweka. Simenti inalephera, zotsatira za kuyeza mphamvu ya mpweya m'chitsime zinatanthauziridwa molakwika, ndipo zosankha zingapo za makampaniwa zinali zopulumutsa nthawi ndi ndalama koma zoonjezera chiopsezo. Chipangizo chotsekera chitsime pa nthawi ya ngozi nacho sichinagwire ntchito.

Mu 2012 BP inavomera milandu, kuphatikizapo yophetsa anthu 11 aja mosakonzekera, ndipo inagwirizana ndi boma kulipira madola 4.5 biliyoni. Mu September 2014 woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans anagamula kuti BP inachita kusasamala koipitsitsa. Anagawa mlanduwo motere: magawo 67 mwa 100 kwa BP, 30 kwa Transocean ndi atatu kwa Halliburton. Chigamulochi chinali chofunika chifukwa malamulo a ku America amasiyanitsa kulakwitsa wamba ndi kunyalanyaza choopsa chodziwikiratu, ndipo chindapusa cha mgolo uliwonse chimakwera pafupifupi kanayi pakapezeka kusasamala kotere. Khoti linawerengera migolo 3.19 miliyoni, yomwe ndi malita oposa 500 miliyoni. Mgwirizano wa madola 20.8 biliyoni pakati pa BP, boma ndi zigawo zisanu za dzikolo unavomerezedwa mu 2016. Zonse pamodzi, ngoziyo inadyera BP madola oposa 60 biliyoni, ndalama zoposa kangapo chuma chomwe Malawi amapanga pa chaka.

Kumene malamulo ali ofooka

Asodzi a ku America anathandizidwa ndi boma lamphamvu, makhoti okhala ndi akatswiri komanso kampani yolemera yomwe sikanathawa. Ku Nigeria zinali zina. Mu 2008 mapaipi a Shell anatayira mafuta m'madzi a anthu a ku Bodo. Asodzi oposa 15,000 anachita kukasuma ku London, ndipo kampaniyo inavomera kulipira mapaundi 55 miliyoni mu January 2015, patapita zaka zoposa zisanu ndi chimodzi. Lipoti la bungwe la UNEP la mu 2011 linati kuyeretsa dera la Ogoni kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Chitsanzo china chili kwa anansi athu. Mu 2019 khoti lalikulu kwambiri ku Britain linalola anthu a ku Zambia oposa 1,800 a dera la Chingola kusumira Vedanta, mwini wake wa Konkola Copper Mines, pa nkhani yoononga mitsinje. Chigamulochi chinatsimikiza kuti kampani yaikulu ikhoza kuyankha mlandu kwawo pa zolakwa za nthambi yake ya ku Africa. Koma njira imeneyi njaitali, ndipo imafuna maloya ndi umboni wolembedwa.

Zofunika kumangidwa kukumba kusanayambe

Pa milandu itatuyi pakutuluka mfundo zinayi. Yoyamba ndi ndalama: kampani yofufuza nthawi zambiri imakhala yaing'ono, ndipo ikagwa palibe womugwira, choncho pangano liyenera kufuna inshuwalansi kapena chikole, komanso kumanga kampani yaikulu yomwe ili kumbuyo kwake. Yachiwiri ndi kugawa udindo pakati pa mwini chiphaso ndi makontilakitala ake, kuti wovulazidwa asamatumizidwe uku ndi uku. Yachitatu ndi zipangizo zotsekera chitsime ndi zoyolera mafuta, zomwe ziyenera kukhala pa nyanja pomwepo popeza Malawi alibe doko la kunyanja yamchere lozibweretsera msanga.

Yachinayi ndi umboni. Chipukuta misozi chimawerengedwa poyerekeza zomwe munthu ankapeza ngozi isanachitike ndi zomwe akupeza pambuyo pake. Msodzi wopanda chiphaso kapena kope la nsomba zomwe amapha amavutika kutsimikizira khoti zomwe wataya. Makomiti oyang'anira usodzi m'madoko, mafumu ndi ofesi ya za nsomba ku Nkhotakota ndi amene angasunge kaundula wotere. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limaperekanso mpata wofunsa mapangano ndi malipoti a kauniuni wa zachilengedwe. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo nthawi yofunsa zikalata zimenezi ndi pomwe chitsime choyamba chisanakumbidwe.